Mayi Amene Adaonetsa Kuti Ubongo Umasintha

Achinyamata anzanga, tikakhala pansi m'makalabu athu kukambirana za kachirombo ka HIV, nkhani zathu zimazungulira pa magazi, chitetezo cha m'thupi, kudziletsa, makondomu ndi kuyezetsa. Zonsezi nzofunika ndipo sitisiya kuzikamba. Koma pali chiwalo china chimene sitichitchula kawirikawiri, chonsecho kachiromboka kamafikako msanga, patangopita masabata ochepa munthu atakatenga. Chiwalocho ndi ubongo.

Zimene achipatala akudziwa lero zokhudza ubongo zidachokera kwa anthu amene adathera zaka zambiri m'malabotale, akudula ubongo m'tizidutswa topyapyala, kutiyang'ana pa makina ndi kuwerenga maselo ake. M'nkhani ino tiona moyo wa mmodzi wa anthu oterewa, Pulofesa Marian Diamond a ku America. Mayiwa sadafufuzepo za HIV ayi, koma zimene adapeza zimatithandiza kumvetsa momwe kachiromboka kamavulazira ubongo, komanso zimene tingachitire mwana amene wabadwa nako kapena amene makolo ake adatisiya.

Kodi ntchitoyi ndi yotani?

Ntchito ya Mayi Diamond pa Chingerezi amaitcha neuroanatomy, kutanthauza maphunziro a kapangidwe ka ubongo ndi minyewa. Katswiri wa ntchitoyi si dokotala woona odwala m'wodi. Iye amafuna kudziwa kuti ubongo udaumbidwa bwanji, mbali iyi imalumikizana ndi iti, nanga chimasintha nchiyani munthu akamakula, akamaphunzira kapena akadwala.

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, kuposa pang'ono paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Ngakhale uli wochepa chomwechi, umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala. M'kati mwake muli maselo otchedwa ma neuron okwana pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi nthambi zambirimbiri ngati mtengo wa kachere, ndipo nthambizo zimakhudzana ndi za maselo ena nkumapatsirana mauthenga. Kuganiza, kukumbukira, kuyenda, kupsa mtima, kukonda, zonse zimadutsa m'mauthenga amenewa. Palinso maselo ena, ochuluka pafupifupi chimodzimodzi, otchedwa glia. Dzinali lidachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza guluu, chifukwa akatswiri akale ankaganiza kuti ntchito ya maselowa ndi kungomata ma neuron kuti asabalalike. Musawaiwale maselo amenewa, tikumana nawonso kutsogoloku. Kunja kwa ubongo kuli chikuto cha makwinya chotchedwa cortex, liwu la Chilatini lotanthauza khungwa. Khungwali nlopyapyala, mamilimita awiri mpaka anayi basi, koma ndi mmene muli kulingalira, chiyankhulo ndi kusankha zochita.

Ubongo ndi wofewa ngati peyala lakupsa, kotero sungadulike bwino usanalimbitsidwe. Katswiri amauviika m'mankhwala kapena kuuziziritsa mpaka uume, nkuusenga ndi makina m'tizidutswa topyapyala kuposa pepala, nkutipaka utoto kuti maselo aoneke, kenako nkutiika pa maikulosikopu. Miyezi imatha munthu akuyeza mbali imodzi yokha.

Mtsikana wa ku California

Marian Cleeves adabadwa pa 11 Novembala 1926 ku Glendale, m'chigawo cha California, ndipo adali chitsiriza m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo ake adali dokotala. Ali ndi zaka 15, tsiku lina akutsagana ndi bambo akewo pa chipatala china cha mumzinda wa Los Angeles, adasuzumira m'chipinda china nkuona ubongo wa munthu uli pa tebulo. Atakula ankakonda kufotokoza kuti chimene chidamuimitsa mutu tsikulo nchakuti kanthu kameneko kankaganiza ndi kupanga nzeru mwiniwake ali moyo.

Adaphunzira pa yunivesite ya California ku Berkeley, komwe adatenga digiri yoyamba mu 1948, yachiwiri mu 1949, ndi yapamwamba ya PhD mu 1953. Adali mkazi woyamba kuchita maphunziro apamwamba otere m'dipatimenti ya anatomy pa sukuluyo. Atangofika, ntchito yoyamba imene adampatsa idali yosoka chovindikira cha makina ena a mu labotale. Atsikana a m'makalabu athu, inu amene mumasankhidwa kukatunga madzi pomwe anyamata akusankhidwa kukhala apampando, nkhaniyi si yachilendo kwa inu. Marian adasoka chovindikiracho, koma sukulu sadaisiye.

Adakwatiwa ndi Richard Diamond, ndipo dzina limene dziko lidawadziwa nalo lidachokera pamenepo. Adabereka ana anayi. Adagwirako ntchito ku Harvard, nkupita ku Cornell komwe adaphunzitsa kuyambira 1955 mpaka 1958, kenako ku San Francisco, ndipo mu 1960 adabwerera ku Berkeley. Upulofesa wathunthu adaupeza mu 1974, patatha zaka 21 chitengereni PhD.

Makoswe a m'khola la zoseweretsa

Pa nthawi imene Mayi Diamond ankabwerera ku Berkeley, akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti kapangidwe ka ubongo kamaikika ndi chibadwa. Ankati munthu akakula, ubongo sungasinthenso kupatula kuonongeka ndi ukalamba kapena matenda. Ndi maganizo omwewa amene timawamva kumudzi pamene wina akuti mwana uyu ndi wouma mutu chibadwire, kumulipirira fizi nkutaya ndalama.

Komabe padali zizindikiro zoti mwina sizili choncho. Mu 1947, katswiri wa ku Canada dzina lake Donald Hebb adafotokoza kuti adatengera makoswe ena a mu labotale kunyumba kwake kuti ana ake azisewera nawo. Atawabweza ku labotale, makoswewo ankapeza njira m'tinjira tokhotakhota msanga kuposa anzawo amene adakulira m'khola. Ku Berkeley, akatswiri atatu, David Krech, Mark Rosenzweig ndi Edward Bennett, adapitiriza nkhaniyi ndipo adapeza kuti m'ubongo wa makoswe okulira m'malo a zochitika zambiri muli kusiyana kwa mankhwala ena achilengedwe. Chimene chinkasowa ndi munthu wodziwa kudula ndi kuyeza ubongowo kuti aone ngati kapangidwe kake nakonso kasintha. Apa ndi pamene Mayi Diamond adalowa m'gululi.

Kafukufukuyo adayenda motere. Ankatenga tiana ta makoswe taamuna ta make mmodzi titangoleka kuyamwa, pa masiku 25, nkutigawa. Wina ankamuika m'khola lalikulu pamodzi ndi anzake, onse pamodzi ngati khumi ndi awiri. M'kholamo munkakhala timakwerero, timawilo tozungulira, timabokosi ndi tinthu tina tokwera, tokankha ndi tonunkhiza, ndipo tinthuti ankatisinthasintha kuti makoswewo azipeza zachilendo. M'bale wakeyo ankamuika yekhayekha m'kakhola kakang'ono kopanda choseweretsa chilichonse. Chakudya ndi madzi zinkakhala zokwanira mbali zonse ziwiri, ndipo mfundo imeneyi njofunika, chifukwa ikutanthauza kuti kusiyana kulikonse sikukadachokera ku njala. Kutenga ana a make mmodzi kudalinso ndi cholinga: kuti wina asadzanene kuti khoswe uyu adabadwa kale wanzeru kumtundu kwawo.

Patatha masiku 80, Mayi Diamond ankadula ubongo wa makoswewo nkuyeza khungwa lija. Adapeza kuti khungwa la makoswe a m'khola la zoseweretsa lidali lochindikala kuposa la abale awo ndi magawo 6 pa 100 aliwonse. Sadathamangire kulengeza. Adabwereza kafukufukuyo ndi makoswe ena, ndipo zotsatira zidafanana. Apo mpamene adathamanga ndi mapepala awo kukamuonetsa Krech. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 1964.

Mwina wina afunsa kuti magawo 6 pa 100 nchiyani, si kanthu kochepa kameneko? Pa kuchuluka nkochepadi. Koma kumbukirani kuti mabuku a nthawiyo ankati kusinthaku kuyenera kukhala ziro. Kupeza kusintha kulikonse, kobwerezeka, kochokera ku mmene nyama yakhalira osati ku chibadwa, kudagwetsa chiphunzitso chonsecho. Kafukufuku wotsatira, wa gulu lomweli komanso wa William Greenough wa ku Illinois m'zaka za m'ma 1970, adaonetsa chimene chimachindikalitsa khungwalo. Ma neuron amakula, nthambi zawo zimachuluka ndi kutalika, malo okhudzirana ndi maselo ena amawonjezeka, ndipo maselo a glia nawo amachuluka. Khoswe wosungidwa yekha zimachitika mosiyana, nthambi zimachepa.

Kulandiridwa kwa nkhaniyi sikudali kophweka. Polemba pepala loyamba lija, Krech adaika dzina la mayiwa m'mabulaketi, ngati munthu wongothandizira. Iwo adadandaula, ndipo pepalalo lidatuluka dzina lawo lili patsogolo. Atakafotokoza zotsatirazo pa msonkhano wa akatswiri a anatomy, bambo wina adaimirira kumbuyo nkufuula kuti ubongo sungasinthe, uku akuwatchula kuti kamtsikana. Mayi Diamond adayankha mwaulemu kuti ali ndi kafukufuku woyamba komanso wachiwiri wobwereza, ndipo onse awiri akuonetsa kuti umasintha. Kwa ine yankho limeneli ndi limene likuonetsa mtima wa ntchito ya sayansi. Sadakangane za ulemu wawo, adangoloza ku zimene adayeza.

Pambuyo pake adafuna kudziwa ngati ubongo wokalamba nawonso ungasinthe. Vuto lidali lakuti makoswe awo ambiri ankafa asanakalambe mokwanira. Adayamba kumawanyamula tsiku ndi tsiku, kuwagwira pachifuwa ndi kuwasisita, ndipo ambiri adakhala moyo nthawi yotalikirapo. Mu 1985 adasindikiza zotsatira za makoswe amene adalowa m'khola la zoseweretsa ali ndi masiku 766 nkukhalamo mpaka masiku 904, umene ndi ukalamba weniweni kwa khoswe. Nawonso khungwa lawo lidachindikala.

Ubongo wa Einstein

Chimene chidawatchukitsa m'manyuzipepala ndi nkhani ina. Albert Einstein, katswiri wotchuka wa sayansi ya physics, adamwalira mu 1955, ndipo dokotala amene adayeza mtembo wake, Thomas Harvey, adasunga ubongo wake. Mayi Diamond adapempha tizidutswa ta ubongowo kwa zaka zingapo, mpaka mu 1984 tidawafika tinayi, tili m'botolo la mayonezi. Adatiyerekeza ndi ubongo wa amuna ena 11, ndipo mu 1985 adalengeza kuti m'mbali ina ya kumanzere, ubongo wa Einstein udali ndi maselo a glia ambiri pa neuron iliyonse kuposa wa enawo.

Akatswiri ena adatsutsa kafukufukuyu, ndipo mfundo zawo zidali zomveka. Munthu mmodzi sangatiuze za anthu onse anzeru. Einstein adamwalira ali ndi zaka 76 pomwe ambiri mwa amuna enawo adali ocheperapo msinkhu, komanso mwa mbali zinayi zimene adayeza, kusiyana kooneka kudali pa imodzi yokha. Ine ndikuona kuti ntchito ya makoswe ija ndi yolimba kwambiri kuposa iyi, ngakhale iyi ndi imene idamveka kutali. Phindu lake lidali lakuti anthu ambiri adayamba kufunsa ngati maselo a glia ali guluu chabe. Lero tikudziwa kuti amadyetsa ma neuron, amakuta minyewa kuti mauthenga aziyenda msanga, ndipo ena ndi asilikali oteteza ubongo.

HIV ikalowa mu ubongo

Asilikali amenewa, otchedwa microglia, ndi amene akutifikitsa ku nkhani yathu ya masiku onse. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ndi makoma othinana kwambiri, ngati mpanda woletsa tizirombo kulowa. Kachirombo ka HIV kamadutsa mpandawu katabisala m'kati mwa maselo oyera a magazi amene amaloledwa kulowa, monga mbala yobisala m'ngolo ya chimanga. Kakalowa, sikagwira ma neuron, chifukwa ma neuron alibe khomo la CD4 limene kachiromboka kamalowerapo. Kamagwira ma microglia ndi maselo ena oteteza amene ali ndi khomolo. Maselo ogwidwawo amayamba kutulutsa mankhwala oyambitsa kutupa pamodzi ndi tizidutswa ta kachiromboko, ndipo zimenezi ndi zimene zimavulaza ma neuron oyandikana nawo. Nthambi zija, zomwe zinkachuluka m'makoswe a m'khola la zoseweretsa, zimafota ndi kuduka.

Mu 1986, madokotala a ku New York, Richard Price ndi anzake Bradford Navia ndi Barry Jordan, adafotokoza bwino matenda a ubongo obwera ndi Edzi atapima odwala komanso kuyeza ubongo wa omwe adamwalira. Munthu amayamba kuganiza mochedwa, kuiwalaiwala, kulephera kutsatira nkhani, manja kulephera ntchito zing'onozing'ono monga kumanga mabatani kapena kulemba, kuyenda modzandira, ndi kutaya chidwi pa zinthu zimene ankazikonda. Mankhwala amphamvu asanabwere, ku America odwala Edzi pakati pa 15 ndi 20 pa 100 aliwonse ankafika posokonezeka mutu kwambiri. Kafukufuku wamkulu wa m'dziko lomwelo wa mu 2010, ma ARV atafala, adapeza vuto lalikululi mwa anthu awiri okha pa 100, ngakhale kuti ena ankakhalabe ndi mavuto ang'onoang'ono a kukumbukira.

Kuno kwathu munthu akayamba zizindikiro zoterezi, ambiri amathamangira kunena kuti walodzedwa kapena wachita misala. Ena amamutengera kwa asing'anga, ena amamutsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi, ndipo masabata amapita. Chonsecho ma ARV akhala akuperekedwa ulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachiromboka amayamba kumwa mankhwala mosadikira kuti chitetezo chitsike. Munthu wosokonezeka mutu chifukwa cha HIV akayamba mankhwala, nthawi zambiri amasintha ndithu, ena mpaka kubwerera ku ntchito zawo. Koma neuron ikafa sibwereranso, nchifukwa chake kuchedwa kumaluzitsa. Dziwaninso kuti ubongo ndi amodzi mwa malo amene kachiromboka kamabisala ngakhale magazi akuonetsa kuti kachepa kwambiri. Wosiya mankhwala chifukwa akumva bwino akukatsegulira khomo kuti kayambenso kuswana.

Mankhwala ena nawo amakhudza mutu. Efavirenz, amene ambiri ankamwa kale, ankabweretsa chizungulire ndi maloto oopsa kwa anthu ena. Kuyambira mu 2019 dziko lino lidasamutsira anthu ambiri ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene savuta chotero, ngakhale ena amadandaula kusowa tulo. Mnzanu akakuuzani zotere, muperekezeni kuchipatala akafotokoze. Asasiye mankhwala payekha.

Palinso matenda ena oumitsa khosi otchedwa cryptococcal meningitis, amene amagwira anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri. Zizindikiro zake ndi mutu waukulu wosamva panado kwa masiku angapo, kutentha thupi, kuuma khosi, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi kubwebweta. Chiwerengero cha mu 2022 chidaonetsa kuti matendawa amabweretsa pafupifupi imfa imodzi mwa zisanu zilizonse zokhudzana ndi Edzi pa dziko lonse. Wodwala wotere ndi wofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Chaka chomwecho cha 2022 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa AMBITION, amene adachitika ku Blantyre ndi ku Lilongwe pamodzi ndi ku Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Adaonetsa kuti mankhwala a amphotericin a mtundu wina operekedwa pa diripi kamodzi kokha, pamodzi ndi mapiritsi, amagwira ntchito mofanana ndi a sabata yathunthu ndipo savulaza thupi kwambiri. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza njirayi chaka chomwecho.

Nanga ana?

Ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri m'zaka zoyambirira, kotero kachirombo kakalowa nthawi imeneyi kamaononga zambiri. Mwana amachedwa kukhala, kukwawa, kuyenda ndi kuyankhula, mwinanso kusiya zimene adayamba kale kuchita. Kafukufuku wa CHER wa ku South Africa, amene adasindikizidwa mu 2008, adaonetsa kuti kuyamba ma ARV khanda lisanadwale kudachepetsa imfa ndi magawo 76 pa 100. Nchifukwa chake timalimbikitsa kuti mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachiromboka ayezedwe pa masabata asanu ndi limodzi.

Mankhwala ndiye oyamba, koma phunziro la makoswe lija likulowa apa. Nzoona kuti munthu si khoswe, ndipo akatswiri ena adakumbutsa kuti khola la zoseweretsa lija lidangofanana ndi moyo wa khoswe wa kutchire. Ndiye kuti kafukufukuyo akuonetsa kwambiri kuipa kosungidwa wekha wopanda chochita. Pa anthu, umboni udachokera ku Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, Sally Grantham-McGregor ndi anzake adayamba kutsatira ana 129 opinimbira a mumzinda wa Kingston, a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa anawa ankayenderedwa sabata iliyonse kwa zaka ziwiri ndi alangizi a zaumoyo a m'madera, anthu a ntchito ngati yanga, amene ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patatha zaka 20, ana oyenderedwawo ankapeza ndalama zoposa za anzawo osayenderedwa ndi magawo 25 pa 100. Ku Soweto nako, kafukufuku wa Joanne Potterton wa mu 2010 adaonetsa kuti ana aang'ono okhala ndi HIV amene owalera adaphunzitsidwa masewera ochita kunyumba adakula bwino m'nzeru ndi m'kayendedwe kuposa anzawo.

Taganizirani tsono za mwana wamasiye amene akuleredwa ndi agogo otopa, amene amaswera yekha pakhonde tsiku lonse chifukwa makolo ena akuletsa ana awo kusewera naye poopa kutenga kachirombo. Kachiromboka sikafala posewera, pogwirana chanza kapena podyera mbale imodzi. Tsankho loterolo limamuika mwanayo m'kakhola kakang'ono kaja. Kalabu yanu ingathe kusankha tsiku limodzi pa sabata lokacheza ku sukulu ya mmera mpoyamba ya m'dera lanu kapena ku mabanja otere. Zofunika si za m'sitolo: mpira wa mapepala, galimoto ya mawaya, zidole za dongo, zitsekero za mabotolo zowerengera, nthano, zilapi ndi nyimbo. Muzisintha masewerawo, chifukwa ngakhale makoswe aja ankasiya kulabadira choseweretsa chikakhalitsa.

Apa ndichenjezepo chinthu chimodzi. Mu 2000, Mayi Diamond adafotokoza za kafukufuku wamng'ono wa amayi achikulire 12 amene adasewera makadi a mtundu wa bridge kwa ola limodzi ndi theka, ndipo mwa ena mwa iwo maselo a CD4 adakwera atatha kusewera. Amayiwo sadali odwala Edzi, adali ochepa kwambiri, ndipo chiwerengero cha CD4 chimakwera ndi kutsika chokha pa tsiku. Wina asadzakunamizeni kuti bawo, makadi kapena masewera ena alionse angalowe m'malo mwa ma ARV.

Njira yofikira pa ntchitoyi

Moyo wa pulofesa si labotale yokha. Amaphunzitsa, amalemba zotsatira kuti akatswiri anzake aziunike ndi kuzitsutsa, amapempha ndalama zoyendetsera kafukufuku, ndipo amalera ophunzira amene adzatenge malo ake. Mayi Diamond ankakonda kwambiri kuphunzitsa. Ankafika m'kalasi atanyamula bokosi la maluwamaluwa losungiramo chipewa, nkutulutsamo ubongo weniweni wa munthu kuti ophunzira auone. Ankalemba pa bolodi ndi choko ngakhale makompyuta atafala, ponena kuti dzanja likamalemba pang'onopang'ono mutu wa wophunzira umapeza mpata wotsatira. Maphunziro awo a mu 2005 adajambulidwa nkuikidwa pa YouTube. Adapuma pa ntchito mu 2014, ndipo adamwalira pa 25 Julaye 2017 ali ndi zaka 90.

Kwa wachinyamata wa kuno, njirayi imayambira pa mayeso a MSCE, makamaka Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Kenako pamabwera digiri yoyamba ya udokotala kapena ya sayansi ya zamoyo, yachiwiri, ndi PhD, zonse pamodzi zaka khumi kapena kuposerapo. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa mu 1991, ndipo mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Ophunzira udokotala kumeneko amayamba ndi anatomy, phunziro lomwe lija la Mayi Diamond. Ambiri ofuna kuzama pa za ubongo amakapitiriza maphunziro kunja, monga ku South Africa kapena ku Britain. Amene sangafike pa upulofesa asadzione otsalira, chifukwa kafukufuku aliyense amafuna anamwino, ogwira ntchito mu labotale, ojambula pa makina ndi alangizi otsatira odwala kumudzi. Kukhala ndi HIV sikuletsa munthu kulowa m'maphunziro amenewa.

Kafukufuku wa ubongo wachitikaponso pa nthaka yathu ino. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adakhala zaka zambiri akufufuza malungo a mu ubongo mwa ana. Mu 1989 adafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana yotchedwa Blantyre Coma Score, imene madokotala a m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito. Mu 2008 pa chipatalachi padafika makina a MRI, ojambula m'kati mwa mutu popanda kung'amba. Ndi makinawa adajambula ana 168 odwala malungo a mu ubongo, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2015. Mwa ana 25 amene adamwalira, 21 ubongo wawo udali utatupa kwambiri, pomwe mwa ana 143 amene adachira, kutupa kotero kudapezeka mwa 39. Ubongo ukatupa m'chigaza umasowa kopita, umakankhikira pansi nkupanikiza tsinde lake, pamene pali maselo oyendetsa kupuma, ndipo mwana amaleka kupuma mtima ukugundabe.